Mkaka wa soya waufa: nyenyezi 3 pa 5, nditaugwiritsa ntchito miyezi itatu

Ndakhala ndikugula mkaka wa soya waufawu kuyambira mu June, mapaketi 6 atha, nde ndati ndilembeko poti azimayi angapo kuno ku Matawale akumandifunsa ngati uli bwino. Ndimagula mushopu ina pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, paketi ija analemba kutsogolo ndi zilembo zikuluzikulu kuti mulibe mahomoni.

Chinandipangitsa kugula ndi mantha, sindibisa. Pagulupu yathu ya azimayi akutchalitchi pa WhatsApp panabwera voice note yoti ng'ombe zamkaka masiku ano akumazibaya jakisoni wa mahomoni, ati nchifukwa chake ana aakazi akumakula msanga, ati khansa, ati chakuti chakuti. Ine ndili ndi mtsikana wa zaka 7 amene mkaka ndi wa mmawa uliwonse, usiku umenewo sindinaone tulo. Kutacha ndinawauza bambo amene amatibweretsera mkaka panjinga kuchokera cha ku Thondwe kuti ayambe aima kaye, ndipo nkhope yawo tsiku limenelo ndimaikumbukirabe chifukwa akhala akutipatsa mkaka zaka zinayi osatithirirapo madzi olo tsiku limodzi.

Muphala ndi wabwino kwambiri, apa sindingauchotsere. Masupuni awiri muphala la mgaiwa, likatsala pang'ono kupsa, limakhala lonona ndipo ana amamaliza mbale, paja anazolowera kale kakomedwe ka soya mu Likuni Phala. Mmandasi ndi mzikondamoyo umagwiranso bwino. Chinanso sufuna firiji, magetsi olo azime tsiku lonse sudandaula, pomwe wang'ombe ukangozengereza kuwiritsa madzulo wasasa basi. Bambo akunyumba mkaka wang'ombe umawatupitsa mmimba kuyambira kale, amangomwa tiyi wamadzi, koma uwu akumwa popanda vuto lililonse chifukwa mulibe shuga wa mumkaka uja amati lactose. Nyenyezi imodzi yonse ndapereka chifukwa cha iwowo.

Koma mutiyi ayi ndithu. Ukathira ufawu mmadzi owira umachita timibulu, olo utakasa bwanji, nde ndinaphunzira kuyamba kuusungunula ndi madzi ofunda pang'ono mkapu kenako nkuthira tiyi, komabe ukamaliza kumwa umapeza zina zakhazikika pansi ngati ufa. Kafungo ka nyemba zosaphika kamamvekabe, ukauika mufulasiki kuyambira mmawa pofika 10 koloko kafungoko kakula. Apongozi anga amene tikukhala nawo anangolawa kamodzi mmawa wina kukuzizira kwa July kuja mphepo ikutsika mphiri, nkukankhira kapu uko, amvekere "amake mwana, ichi ndi chani mwandipatsachi, ndipatseni wamadzi bola." Kuyambira pamenepo sanaukhudzenso. Shuga anathiramo kale wambiri, nde kwa munthu wa matenda a shuga onani kaye lebulo. Ndipo nditawerengera, paketi imatha sabata ziwiri pakhomo pathu ndipo ndalama yake ikuposa imene ndinkawapatsa bambo a ku Thondwe aja pa masiku omwewo.

Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri ndi lebulo yakumbuyo. Mapuloteni alimo, soya pamenepo amafanana ndithu ndi mkaka wang'ombe, koma pamndandanda wa paketi yangayi sindinapezepo kuti anawonjezeramo kashiamu kapena vitamini B12. Soya payekha kashiamu wake ndi wochepa poyerekeza ndi mkaka ndipo B12 mulibe, amachita kuthiramo kufakitale. Ndiye kuti miyezi iwiri ndinawachotsera ana chinthu chomanga mafupa ndili ndi mtima woti ndikuwateteza. Zinandipweteka zimenezi.

Amene ananditsegula maso ndi alamu anga, anaphunzira za ziweto ku Bunda. Atabwera kudzationa anatenga paketi nkuiyang'ana, akuti "alamu, soya ndi mbewu, jakisoni wa ng'ombe angalowemo bwanji, apa angolemba kuti mugule." Kenako anandifotokozera bwinobwino ndipo zina ndinakawerenganso ndekha pa intaneti. Jakisoniyo aliko zoona, dzina lake ndi rBST. Ng'ombe iliyonse imapanga yokha mthupi mwake homoni yothandiza kukula ndi kutulutsa mkaka yotchedwa bST, nde kampani ya ku America ya Monsanto inapanga yofanana nayo nkumaigulitsa ndi dzina loti Posilac, bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linavomereza mu 1993, ndipo mu 2008 Monsanto inagulitsa bizinesiyo kwa kampani ina ya Elanco. Amabaya ng'ombe pa masiku 14 aliwonse ndipo mkaka umawonjezekera ndi 10 mpaka 15 pa 100. Canada inakana mu 1999, European Union inaletseratu chaka chomwecho, Japan, Australia ndi New Zealand nawonso salola. Ku South Africa ndi wololedwa, izi ndazitchula dala poti katundu wambiri wa mmashopu mwathumu amachokera kumeneko.

Koma chifukwa chachikulu chimene analetsera sichimene chinali mu voice note ija. Ndi ng'ombezo. Akatswiri a ziweto a ku Canada anapeza kuti ng'ombe zobayidwa zimadwala kwambiri matenda otupa bere aja amati mastitis, pafupifupi 25 pa 100 kuposa zinzake, ndipo kutsimphina kumakwera ndi pafupifupi theka. Ng'ombe ikukamidwa mopyola mphamvu zake. Ine ndinakulira pakhomo pa ng'ombe ndipo ndinaonapo bere lotupa ng'ombe ikulira poikama, izi zokha zikundikwanira kudana naye jakisoniyo. Komanso bere likatupa amaipatsa maantibayotiki, ndipo mlimi akapanda kudikira masiku amene alangizi anena, mankhwalawo amatsalira mumkaka timwe ndife.

Za anthufe, bST ndi puloteni, ikalowa mmimba imagayidwa ngati chakudya china chilichonse ndipo siigwira ntchito mthupi la munthu, sikutinso ndi homoni yachikazi imene imakulitsa atsikana. Nkhawa ya khansa inachokera pa chinthu china chotchedwa IGF-1 chimene chimakwererako mumkaka wa ng'ombe zobayidwa, koma thupi lathu limapanga lokha IGF-1 tsiku ndi tsiku wochuluka kuposa amene ungamwe mkapu. Komiti ya akatswiri a mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi zaumoyo, FAO ndi WHO, yotchedwa JECFA inaunika nkhaniyi mu 1992, 1998 ndi 2013, ulendo wonse inati mkakawo ndi wosaopsa kwa anthu. Pali ena akutsutsabe ndipo ine sindiwanyoza, mayi aliyense ali ndi ufulu wofunsa chimene chikulowa mkamwa mwa mwana wake, koma zoti mkaka wonse wasanduka poizoni sizoona.

Mnzanga wina wa ku Chinamwali ndiye anandiopsezanso mbali inayo, ati soyayo ndi amene ali ndi mahomoni achikazi, amuna asamamwe. Mu soya muli tinthu totchedwa ma isoflavone timene timafananako ndi homoni yachikazi ya estrogen koma ndi tofooka kwambiri, ku Japan ndi ku China anthu akhala akudya soya zaka mazanamazana, ifenso nyama ya soya ili mmbale pafupifupi sabata iliyonse.

Kumapeto kwa August ndinakwera minibasi kupita ku Thondwe kukaona khola ndi maso anga. Ng'ombe ziwiri zachizungu zakuda ndi zoyera, nsenjere, madeya, kamwala kamchere, khola losesa bwino. Nditawafunsa za jakisoni anati "mayi, wanga ndi wa nkhupakupa ndi katemera basi, winayo ndikumumvera kwa inu." Chimene chinandigwira mtima nchoti anandiuza okha kuti ng'ombe ikakhala pamankhwala mkaka wake sagulitsa, ati kugulu lawo kumene amakasonkhanitsa mkaka amauyeza ndipo ukapezeka woipa amaubweza. Ndinawapepesa ndipo ayambanso kubwera, lita imodzi patsiku. Ndimauwiritsa mpaka ufufume nthawi zonse, chifukwa choopsa chenicheni mumkaka wapakhola ndi TB ya ng'ombe ndi matenda ena otchedwa brucellosis ukamwa wosawiritsa.

Chonde azimayi anzanga ufawu musampatse khanda mmalo mwa bere kapena mkaka wa ana wamchitini, si wa makanda, mwana wosakwana miyezi 6 ndi bere lokha. Musausokonezenso ndi ufa woyera wa mutiyi uja amati kirima, umenewo kwakukulu ndi mafuta ndi shuga, si mkaka si soya.

Ndizigulabe paketi imodzi pamwezi ya bambo akunyumba ndi ya phala masiku amene njinga ya ku Thondwe yalephera kubwera chifukwa cha mvula. Kwa opanga, thiranimoni kashiamu, chepetsani shuga, ndipo paketi muikeko chotsekera chifukwa ukangotsegula chinyezi cha Zomba chimalowa ufa nkuumbika, ine ndimachita kukhuthulira mubotolo la galasi. Mukakonza zimenezi nyenyezi yachinayi ndidzabwera kudzaika.