Tebulo la mlombwa la ma spline: nyenyezi zitatu, zonse ndi za achikulire a kuseri kwa shedi

Ndapereka nyenyezi zitatu, koma mnyamata amene amayankha WhatsApp pa shopu imeneyi asadzinamize kuti ina mwa izo ndi yake. Alibepo ngakhale theka.

Amene mumadutsa ku Mchesi mukuidziwa shopu yake, dzina sinditchula. Ndi ija imadzaza Facebook ndi zithunzi za matebulo a pabalaza ooneka ngati bokosi lopanda chitseko: matabwa anayi a mlombwa odulidwa mopendeka n'kukumana pangodya, osaoneka msomali paliponse, ndiye pangodya iliyonse pali timizere takuda tisanu todutsa chopingasa. Timizereto si penti, kapena tinene kuti sitiyenera kukhala penti. Ndi timatabwa topyapyala tolowetsedwa m'mipata yochekedwa pangodyapo, eni ake amati ma spline. Timeneto ndi timene tinandikopa ine. Tinagwirizana K480,000, kuphatikizapo K25,000 ya galimoto, ndipo pa lisiti analemba yekha ndi dzanja lake kuti thupi mlombwa, ma spline phingo. Anayesa kundikopa kuti m'kati aikemo sida wa ku Mulanje kuti lizinunkhira, ine ndinakana. Mtengo umene unalengezedwa kukhala wa fuko mu 1984 watsala pang'ono kutheratu m'phiri muja, sindikufuna kuti otsalawo athere pabalaza panga.

Za kuchedwa sindinenapo zambiri. Magetsi, maliro, magetsi kachiwiri, monga mwa masiku onse.

Litafika linali lokongola, apa ndisaname. Mlombwa uja ukuwala mofiirira, timizere takuda tili ndondondo pangodya, aliyense wolowa m'nyumba amayamba wagwira pamenepo asanakhale pansi. Chimene chinandidabwitsa ndi kansalu kopukutira. Ndikapukuta pangodya ndi kansalu konyowa, kamachoka kali bii. Ndinamutumizira chithunzi mnyamata uja, iye n'kuyankha ndi voisi noti, mawu ali phee ngati munthu wodziwa zinthu: “Mami musadandaule, amenewo ndi mafuta a phingo, amatuluka choncho akakhala orijino.” Ndinangoti chabwino.

Ndiye kunabwera kutentha kwa Okutobala. Tinayamba kuona kamzere kopyapyala pangodya imodzi ya pamwamba, pamene matabwa awiri anakumana. Tsiku limene apongozi anga anabwera kudzationa, mwana wa mlamu wanga, wa zaka zinayi zokha, anangotsamira tebulo ndi zigongono kuti atenge mandasi. Tinangomva kuti thyoo! Ngodya yatseguka, mpata woti khadi la ku banki n'kulowa bwinobwino, kapu ya tiyi ya apongozi yapendekera pa chitenje chawo. Mwana wayamba kulira poganiza kuti walakwa, mayi ake akumukalipira, apongozi akuti “musam'menye, mipando ya masiku ano ndi yotero.” Mawu amenewo ndi amene anandipweteka kuposa ndalama, chifukwa anali atangomva kumene mtengo wake kwa mwana wawo.

Alendo atapita ndinayatsa tochi ya pafoni n'kuyang'anitsitsa. Timatabwa tonse tisanu ta pangodyayo tinali titathyoka pakati penipeni, motsatira mzere wa ngodya, ngati wina wachita kudula ndi lezala. M'kati mwake munali moyera. Ndinatola kachidutswa kamodzi ndi pini wa kumutu, kanatuluka mosavuta, ndipo nditanunkhiza linali fungo la paini, lija aliyense amene anakhalako pa benchi ya ku pulayimale amalidziwa. Kunja kokha ndiye kunali kwakuda, kopakidwa zimene ndikukhulupirira kuti ndi polishi wa nsapato, vanishi pamwamba. Kuya kwa mpata umene kanalowamo sikunafike ngakhale pa chikhadabo cha chala changa chaching'ono. Ndinalipira phingo, anandipatsa paini wovala yunifomu ya phingo.

Mnyamata uja ataona zithunzi anayamba ndi kukhala chete, timizere tiwiri ta buluu tili pompo. Atayankha anati mwina tinakhalapo anthu akuluakulu. Kenako anati mwina tinaliika padzuwa. Pomaliza anatumiza chithunzi cha kapepala kamene kali pakhoma la shopu yawo konena kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Za paini sanayankhepo chilichonse, ngakhale ndinamufunsa mobwerezabwereza. Munthu ameneyu pofuna dipoziti ankaimba foni m'mawa ndi madzulo, “mami mwadzuka bwanji, mami ana ali bwanji.” Airtel Money itangolira, ulemu wonse unathera pomwepo.

Loweruka ndinalikweza pa pikapu ya achimwene anga n'kukalitsitsa pakhomo pa shopu penipeni, pamene makasitomala amaima. Ndinalankhula mokweza, ndipo sindikupepesa. Mnyamata uja anangoti manja m'thumba, akuyang'ana kumsewu, n'kumati “mami tiyeni tikambirane m'kati.” Ine ndinati ayi, tikambirane pompano pomwe anthu akuona.

Apa ndi pamene anatulukira achikulire ena kuchokera kuseri, ovala ovolosi yong'ambika pabondo, pensulo kukhutu, utuchi m'tsitsi lonse. Ndinamva pambuyo pake kuti ndiwo bambo ake a mnyamatayo, eni ake enieni a dzina la shopu, ndipo nthawi imene tebulo langa linkapangidwa anali kumudzi akudwala. Sanandipatse moni wautali. Anagwada pa tebulo paja, anayendetsa chala pangodya, anatenga tchizulo n'kutulutsa kathabwa kamodzi pangodya ina imene inali isanatseguke. Anakayang'ana, anakathyola ndi zala ziwiri zokha, n'kutembenukira kwa mwana wawo. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, “Wadula ndani izi?” Shopu yonse inangoti zii, mpaka mashini anazimitsidwa.

Kwa ine anati, “Mayi, khalani pansi apa. Mwalakwiridwa. Koma ndikufuna muone chimene chalakwika, kuti mawa wina asadzakunamizeni, ngakhale ineyo.”

Ndinabwera ndi mtima wofuna ndalama zanga basi, koma zimene anandionetsa zinandikhazika pansi. Anati thabwa lili ngati mtolo wa udzu wofolera: m'mbali mwake guluu amagwira, koma kumapeto kumene udzuwo wadulidwa guluu amangomwedwa. Ngodya yodulidwa pa madigiri 45 imakumanitsa mapeto ndi mapeto, ndiye payokha ilibe mphamvu, ngakhale ioneke yogwirana chotani. Ntchito ya timatabwa tija ndi kumanga mbali ziwirizo, kukongola kumangobwera pambuyo. Kenako anadula tizidutswa tiwiri topyapyala pa thabwa limodzi, kena motsatira mitsempha ya mtengo, kena modula mitsemphayo, n'kundipatsa kuti ndithyole. Koyamba ndinalimbana nako mpaka zala kuwawa. Kachiwiri kanangoti phwa ndisanayambe n'komwe. Anyamata a pa shopupo anadula timatabwa ta tebulo langa mwa njira yachiwiriyi, mitsempha ikuyenda motsatira mzere wa ngodya m'malo mowoloka, chifukwa anangotola zotsala za paini wa ku Chikangawa zimene zinali pansi. Ndiye ngakhale akanaika phingo weniweni, kadulidwe kameneko kakanathyokabe.

Cholakwika chachiwiri chinali kuya. Anati mpata uyenera kulowa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ngodya, osabowolera m'kati, kuti guluu apeze pogwira pokwanira mbali zonse. Anga anangokanda pamwamba kuti zioneke pa chithunzi. Chachitatu ndi thabwa la pamwamba, limene linali lisanaume. Analiika lula chopingasa n'kundionetsa kuwala kukudutsa pansi pake: thabwa lapindika poumira m'nyumba mwanga, n'kukoka ngodya. Iwo anati mlombwa ukauma bwino ndi mtengo wofatsa, susuntha kwenikweni kaya ndi dzinja kaya chilimwe, n'chifukwa chake amisiri amaukonda, koma wauwisi ndi wauwisi basi. Anandilozeranso kamzere koyera m'mphepete mwa thabwalo, mbali ya kunja kwa mtengo, n'kunena kuti pamenepo mpamene pamayambira kufumbwa, ndipo anyamata anapadetsa dala kuti pasaoneke.

Za phingo sanachite kufotokoza ndi pakamwa. Analowa m'kachipinda n'kutulutsa kachipika kakuda kokulungidwa m'thumba la simenti, anadulako kachidutswa n'kukaponya mu ndowa ya madzi. Kanamira mpaka pansi. Anaponyamo kanga kaja, kanangoyandama, madzi n'kuyamba kuda. Makasitomala awiri amene anaima pamenepo anaseka, mnyamata uja n'kulowa m'kati ngati foni yaitana.

Anandiuza kuti ndilisiye, sandilipiritsa kalikonse, koma ndisawathamangitse chifukwa thabwa louma la mulifupi umenewo sanali nalo pafupi. Apa ndinadikiranso ndithu, mpaka mvula yoyamba inagwa tebulo lisanabwere, ndipo pabalaza tinkaika tiyi pa stulu. Koma tsiku loika timatabwa anandiimbira okha kuti ngati ndili ndi mpata ndibwere ndidzaone, ndipo ndinapita.

Ali ndi kachipangizo kokhoma okha ndi zidutswa za matabwa, kooneka ngati V, kamene amagonekamo ngodya ya tebulo kuti idutse pa sowo ya mashini itaima chilili. Tebulo lonse kulinyamula anthu atatu, iwo akuwongolera. Mpata uliwonse unatuluka wa mamilimita 3, mulifupi mwa sowo yomweyo. Ndinkaganiza kuti zatha, koma anatenga katchizulo kakang'ono kwambiri, kosula okha, n'kumasalaza pansi pa mpata uliwonse. Anati mano a sowo wamba amasiya kamtunda pakati, ndiye kathabwa sikakhala pansi bwino, m'mbali mumatsala timabowo tiwiri timene aulesi amatseka ndi guluu wosakaniza utuchi. Timatabwa ta phingo anatipala kamodzikamodzi ndi puleni, akuyesa, akupalanso, mpaka kalowe ndi chala chachikulu chokha. Mnyamata wina wophunzira anabweretsa hamala, iwo n'kumubweza: kolowa ndi hamala kamachotsa guluu yense polowa ndipo kangathe kung'amba ngodya, kolowa kokha kokhwepa sikagwira kanthu. Asanapake guluu anapukuta phingoyo ndi thina wosungunulira penti uja, poti ndi mtengo wamafuta ndipo guluu woyera uja sagwira bwino pa mafuta. Timatabwato anatisiya titatulukira kunja ngati makutu, n'kunena kuti adula pakapita masiku, guluu akaumiratu, chifukwa ukasalaza mtengo udakali wotupa ndi chinyezi cha guluu, pambuyo pake pamalowa m'kati. Posalaza anati agwiritsa ntchito kachitsulo kopalira, osati sandipepa, kuopa kuti fumbi lakuda lingalowe m'timaenje ta mlombwa n'kuudetsa.

Munthu wodziwa ntchito yake motere, ali ndi mwana amene amagulitsa polishi wa nsapato pa mtengo wa phingo. Zimandimvetsa chisoni, komanso zimandikwiyitsa, chifukwa achikulirewa sadziwa n'komwe zimene zimalembedwa pa Facebook m'dzina lawo.

Tebulo linabwera, ndipo ladutsa dzinja lonse ndi kutentha kwina popanda kamzere kalikonse. Ana amatsamira, wina ndinamupeza ataimirirapo. Ukayendetsa chala pangodya sumva pamene mlombwa wathera ndi pamene phingo wayambira, ndipo kansalu kopukutira kamachoka koyera. Kuda kwake nakonso n'kosiyana ndi kuja kwa poyamba, ukayang'anitsitsa padzuwa mumaoneka timizere tofiirira m'kati mwa kudako.

Zodandaula zilipobe. Thabwa latsopano la pamwamba ndi lowala pang'ono kuposa atatu akale aja, iwo anati lidzafanana pakapita nthawi, koma mpaka pano diso langa limaonabe. Pangodya imodzi ya pansi, pamene anatseka mipata yakale, kathabwa kamodzi kanatalikirana ndi anzake kuposa ena onse. Mlendo sangaone, ine ndimaona tsiku lililonse. Vanishi wa m'kati, mmene timaika mabuku, anapakidwa mothamanga ndipo pali pamene anayenderera. Ndikuganiza kuti pamenepo anasiyira anyamata.

Ngati mukufunabe kugula kumeneko, musathere pa foni. Pitani, zungulirani kuseri kwa shedi, mulankhule ndi achikulirewo maso ndi maso. Nenani kuti mukufuna kuona katundu wanu asanapake vanishi, chifukwa vanishi amabisa zambiri. Pemphani kachidutswa kotsala ka mtengo umene aika pangodya, mukaone ngati kuda kwake kwafika m'kati. Phingo ndi wosowa ndipo ndi wodula, ndiye akakuuzani kuti alibe, ndi bwino aike mtengo wa malaina woyera pa mlombwa wofiirira, zimaonekanso bwino, kusiyana n'kukunamizani. Ine ndawapatsa kale oda ya felemu ya galasi, koma dipoziti ndinapereka m'manja mwa achikulirewo, mwana wawo akuona.

K25,000 ya galimoto yoyamba ija, ndi mafuta amene ndinathira mu pikapu ya achimwene, mnyamata uja analonjeza pamaso pa bambo ake kuti abweza. Sanabweze, ndipo pepani sanandiuzepo. Chimene wachita n'kujambula tebulo langa litakonzedwa, pafupi penipeni pangodya, n'kuliika pa tsamba lawo ndi mawu oti ntchito ya manja ake. Ndinalembapo ndemanga yofunsa za ndalama zanga, anaifufuta, n'chifukwa chake ndalemba kuno kumene sangafufute.