Core i7-3770 ya kaunjika: miyezi inayi ndikuigwiritsa ntchito

Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kusindikiza ku Zingwangwa. Ntchito zake mukuzidziwa: ma CV, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro amene eni ake amawafuna m'mawa womwewo. Chaka chino ndayambanso kulumikiza mavidiyo a zinkhoswe. Kompyuta imene imandidyetsa ndi Dell OptiPlex 7010 ya kaunjika, ndipo inabwera ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Core i3-3220. Pa zotaipa sinandikhumudwitsepo. Koma pa vidiyo inkachita kukwawa, moti ndinkaisiya ikugaya madzulo n'kupita kunyumba ndikupemphera kuti magetsi asathime.

Tsiku lina mnyamata wokonza makompyuta ku Limbe anaika pa WhatsApp kuti ali ndi Core i7-3770, purosesa yamphamvu kuposa yangayo. Mtengo wake sunafike ngakhale theka la umene ndinauzidwa m'mashopu awiri a m'tauni. Ndinakondwa kaye, kenako mantha anandigwira. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mantha anga aakulu sanali oti purosesayo ndi yakufa, chifukwa yakufa imadziwika msanga: kompyuta siyaka, nkhani yatha. Ndinkaopa yamoyo koma yabodza. Dzina la purosesa limalembedwa pa kachivindikiro kachitsulo kapamwamba, ndipo pali anthu amene amakanganula kachivindikiro ka i7 n'kukamata pa purosesa yotchipa ya Celeron kapena Pentium ya soketi (malo okhazikapo purosesa) yomweyo. Ukaika, kompyuta imayaka bwinobwino, iwe n'kumati wagula ng'ombe pomwe wagula mbuzi. Maso okha pamenepa sathandiza. Choncho ndinazula kompyuta yonse, n'kukwera nayo minibasi ili pamiyendo, kondakitala akulimbikira kuti nayonso ilipire mpando.

Mnyamatayo atandiona ndikulowa nacho chibokosicho anaseka.

"Abwana, ndiye kuti simukundikhulupirira?"

"Ine ndikukukhulupirirani, achimwene. Ndalama yangayi ndi imene sikhulupirira munthu."

Sanakwiye, ndipo chimenecho chinali chizindikiro choyamba chabwino. Wogulitsa amene akukana kuti muyese katundu pamaso pake, msiyeni ndi katundu wakeyo.

Ndinayamba ndi kuitembenuza purosesayo. Mapurosesa a soketi ya LGA1155 alibe mapini. Pansi pake pali timadontho tagolide, mapini ali pa motherboard, bolodi lalikulu limene zida zonse zimalumikizidwapo. Ndinayang'ana ngati timadonthoto tili ndi zipsera zakupsa, komanso ngati tizidutswa ting'onoting'ono tapakati tilipo tonse, poti purosesa yosungidwa m'kabati limodzi ndi masikuluu imagumuka pamenepo. Zonse zinali bwino. M'mbali mwa kachivindikiro munalibe guluu wachilendo, ndipo pamwamba panalembedwa SR0PK, nambala yeniyeni ya i7-3770. Poika ndinachita ndekha, pang'onopang'ono, chifukwa pini imodzi ikapindika pa soketi ndiye kuti wataya motherboard pofuna kupulumutsa ndalama zochepa.

Kompyuta itayaka, BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke, inatchula dzina lolondola. Ndinatsegula CPU-Z imene ndinabwera nayo pa fulashi, pulogalamu yaulere imene imawerenga za m'kati mwa purosesa, osati zolembedwa pa chivindikiro. Inaonetsa ma core 4, ma thread 8, cache ya 8 MB, liwiro la 3.4 GHz lokwera mpaka 3.9 GHz, monga mmene i7-3770 yeniyeni imakhalira. Kenako ndinaipatsa ntchito yolemera kwa mphindi 20 ndikuyang'ana kutentha pa pulogalamu ya HWMonitor. Apa panali phunzo pang'ono: inakwera kupitirira madigiri 90. Malire ake ndi 105, komabe si malo oti purosesa izikhalapo tsiku lonse. Vuto linali langa, chifukwa pothamanga ndinabwezera fani pa thermal paste yakale youma, phala limene limapititsa kutentha kwa purosesa ku fani. Titapukuta, kupaka thermal paste yatsopano ndi kupemerera fumbi la m'fani, inatsikira m'ma 70. Pamenepo ndi pamene ndinatulutsa foni n'kutumiza ndalama.

Nanga kutchipako kunachokera kuti? Ndinamufunsa mosabisa, poti katundu wakuba sindifuna kuti adzandipeze m'shopu. Anandionetsa mulu wa makompyuta a m'maofesi amene anagula ma motherboard ake atafa. Purosesa inapulumuka, koma analibe poiika, ndipo ogula ake ndi ochepa. Zimenezi ndinazimvetsa. Purosesayi inatuluka m'chaka cha 2012 pa mtengo wa madola pafupifupi 300, ndipo inali mfumu pa nthawi yake. Lero njira yake yafika pothera. Soketi ya LGA1155 imalandira mapurosesa a Intel a m'badwo wachiwiri ndi wachitatu okha, RAM yake ndi DDR3, ndipo pamwamba pa i7 imeneyi palibenso kokwera kwenikweni. Chachikulu kwambiri ndi Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo komanso TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo. Yangayi ndi ya m'badwo wachitatu. Njira zozembera zilipo, anyamata a ku Limbe amazidziwa, koma kompyuta yodyera sindiiseweretsa. Ndiye kutchipa kwake si matsenga ayi. Amene ali ndi ndalama akuzitaya, ife n'kumatola.

Tsopano za mmene yagwirira ntchito. Pa vidiyo ndiye yandipepuza zedi. Vidiyo ya chinkhoswe imene kale inkandigoneka tsopano imatha pa theka la nthawiyo, ndipo ikamagaya ndimatha kumataipa kalata ya kasitomala pambali osaona kompyuta ikuuma. Kale zimenezi zinali zosatheka, ukangokhudza mbewa chilichonse chinkaima. Makadi okhala ndi zithunzi zambiri amatsegukanso mwachangu. Miyezi inayi yonseyi sinazimepo yokha, ngakhale masiku otentha aja amene malata amachita kulira.

Pa Word, Excel ndi intaneti, kunena zoona, sindikuona kusiyana kulikonse. Chimene chinasintha zinthu kumbali imeneyo ndi SSD, chosungira mafailo chachangu, imene ndinaika chaka chatha m'malo mwa hadi disiki, komanso kukweza RAM kufika 8 GB. Izi ndikuzinena chifukwa anthu ambiri amabwera m'shopu akudandaula kuti kompyuta yawo ikuchedwa, n'kumafunsa za i7 ngati kuti dzinalo ndi mankhwala. Ngati kompyuta yanu imatenga mphindi zisanu kuti iyake, wolakwa kawirikawiri ndi hadi disiki, ndipo i7 ikafika idzangokhala nawo pamzere wodikirawo.

Zodandaulitsa zilipo. Imadya magetsi ochulukirapo ikakhala pa ntchito yolemera, poti ndi ya mawati 77 pomwe i3 ija inali ya 55, ndipo fani imamveka tsopano. Fumbi la kwathu kuno limafuna kuti ndizitsegula bokosi mwezi uliwonse. Chinanso, ilibe AVX2, njira yofulumizira masamu m'kati mwa purosesa, imene inayamba ndi m'badwo wachinayi mu 2013, ndipo mapulogalamu ena atsopano a vidiyo amakana kulowa popanda imeneyo. Ine ndikugwiritsa ntchito akale, ndiye sizinandipweteke, koma amene akufuna zatsopano ayambe wawerenga zofunika za pulogalamu yakeyo asanapite ku Limbe.

Mnzanga wa ku Ndirande ataona zanga anafuna kuthamangira yake. Mwamwayi anayamba wandiimbira. Iye ali ndi OptiPlex 790, soketi yake ndi LGA1155 yomweyo, purosesa ikanakhala bwinobwino m'malo mwake, koma sikanayaka, chifukwa chipset (kachipangizo koyendetsa motherboard) ya Q65 ya m'makina amenewo silandira m'badwo wachitatu. Yomuyenera iye ndi i7-2600. Ma motherboard ena, monga a H61, amailandira pokhapokha BIOS itakwezedwa kaye, ndipo kukwezako kumafuna purosesa yakale ili momwemo. Safunsa anadya phula. Ndinamuuzanso kuti asalipire zowonjezera chifukwa cha chilembo K, monga i7-3770K, poti kukankha liwiro kumene K imaloleza sikutheka pa makompyuta a m'maofesiwa.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi, koma zinayizo ndi za munthu wonga ine, amene ali kale ndi kompyuta yolandira purosesayi ndipo ntchito yake ndi yolemeradi. Wina akati ayambe kugula motherboard, RAM ya DDR3 ndi bokosi kuti amangire pa purosesa yotchipayi, ndingamuletse. Ndalama zimenezo aziphatikize agule kompyuta yathunthu ya kaunjika ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, imene Windows 11 imalowa popanda mikangano. Inenso ndayamba kusunga pang'onopang'ono kuti ndipeze yotero, ndipo ikadzabwera, iyi ndidzaichotsa pa intaneti izingogaya mavidiyo ndi kusindikiza.

Mnyamata uja anafuna kuti ndimusiyire i3 yakale achotsereko mtengo pang'ono. Ndinakana. Ili m'kabati, ndinaikulunga m'kapepala n'kuiika m'kabokosi, kuti tsiku limene i7 idzatope pulogalamu ya maliro ili pakati, ndisadzabweze anamfedwa chimanjamanja.