Ndege, sitima ya usiku kapena matikiti otchipa a pa app: zomwe ndaona pa maulendo a ntchito

Anzanga a ku ofesi akhala akundifunsa kangapo konse kuti akatumidwa dziko loyandikana kwa masiku awiri atatu akwere chani, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense aziwerenga yekha.

Za ndege sinditaya nthawi. Mumlengalenga mumakhala ola limodzi inde, koma bwalo la ndege limakhala kutali ndi tauni, ndiye muwerengere ulendo wopita kumeneko, mzere wosecha, kuvula lamba, kutulutsa laputopu, mukatsika muyambenso kusaka takisi. Sitima imakutulani pakati pa tauni penipeni. London kupita Paris ndi maola awiri ndi mphindi ngati 20, kuchoka siteshoni ya St Pancras kukatsikira siteshoni ya Gare du Nord, kudutsa njanji ya pansi pa nyanja ya makilomita 50 ija anatsegula mu 1994, pasipoti amaoneratu musanakwere, mukafika mumangonyamula chikwama n'kumapita. Ine malipoti ndimamalizira pa katebulo ka m'sitima foni ili pa chaja.

Sitima ya usiku, monga ya Vienna kupita Hamburg, imakupulumutsirani ndalama ya hotela. Koma lipirani bedi. Mukatenga mpando mukafika ku msonkhano khosi litauma maso ali psuu.

Tsono chomwe chinandipweteka ndi matikiti otchipa awa. Ndinkapita kukakumana ndi makasitomala, ulendo wofunika kusintha sitima panjira, ndiye pa app ina yogulitsa matikiti a makampani osiyanasiyana ndinaona mtengo wabwino zedi ndikudina osaganiza kawiri. Pa sikirini zimaoneka ngati ulendo umodzi, ndinalipiranso kamodzi. Posinthira panali mphindi 12 zokha. Sitima yoyamba inachedwa ndi mphindi 25, ndinathamanga pa masitepe chikwama chikundimenya m'miyendo, kufika pa pulatifomu ndinangoona nyali zofiira zakumbuyo zikuzimiririka.

Ndinapita pa kauntala mtima uli m'malo kuti andikweza yotsatira. Mayi wa pamenepo ananditembenuzira kompyuta n'kundiloza ndi cholembera manambala awiri osiyana, akuti bambo awa ndi matikiti awiri, ife kuchedwa kwa sitima ya eni sitikuyankha. Abale thukuta linatuluka. Tikiti yachiwiri ija inali yosasinthika yosabweza ndalama, yafa basi, ndinagula ina pompo ndipo ya tsiku lomwelo mtengo wake unaposa awiri oyamba aja kuphatikiza. A app kuwalembera anandilozera timalemba ting'onoting'ono tapansi tonena kuti matikitiwo ndi osiyana, ngakhale kandalama kawo ka sevisi sanabweze. Ku msonkhano ndinafika anthu akutolera mapepala, anandipatsa mphindi zochepa titaimirira pakhomo, ntchito yomwe ndinaikonzekera sabata yathunthu.

Chondiwawa kwambiri ndinachidziwa pambuyo. M'maiko a EU, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, lamulo limati mukafika mochedwa ndi mphindi 60 mpaka 119 akubwezereni 25% ya tikiti, zikakwana mphindi 120 ndi theka. Ndipo ikakhala tikiti imodzi yolumikiza ulendo wonse, mukaphonya sitima chifukwa cha kuchedwa kwawo amakukwezani ina osalipiranso. Ine ndinafika mochedwa pafupifupi maola awiri, koma pa pepala sitima yanga inangochedwa ndi mphindi 25, ndiye palibe chomwe ndinalandira.

Pano ndimagula tikiti imodzi yolumikiza kwa eni njanji enieniwo, makamaka yobwerera ndimatenga yosinthika chifukwa misonkhano imatalika mosayembekezera, ndipo posinthira sitima sindilola mphindi zosakwana 30. Imadulako, zoona, koma a akaunti ku ofesi ndimangowapatsa risiti imodzi. App ija ndinaifufuta tsiku lomwelo ndili m'sitima yobwerera ndipo sindidzaiikanso.