Titsalire pa Heroes of the Storm kapena tisamukire ku League of Legends ndi Dota 2?

Ambiri a ife tsiku la 13 Disembala 2018 timalikumbuka bwino. Kampani ya Blizzard inalengeza kuti ikuchotsa ena mwa anthu opanga Heroes of the Storm, gemu yake ya pa intaneti imene matimu awiri a anthu 5 amamenyana, n'kuwatumiza ku ntchito zina, ndipo m'chilengezo chomwecho inathetsa mipikisano ya Heroes Global Championship ndi Heroes of the Dorm. Kuchokera pamenepo ngwazi zatsopano, zimene osewera amasankha kuti aziyendetse pankhondo, zinayamba kubwera mwa apo ndi apo, mpaka Hogger, ngwazi ya nambala 90, anadzatseka khomo mu Disembala 2020. Mu Julayi 2022 kampaniyo inanena mosapsatira kuti gemuyi izisamalidwa ngati gemu yake ina, StarCraft II: sitolo yake ikhalabe yotsegula koma simudzalowanso katundu watsopano wogulitsa, ndipo ma patch, zosintha zimene opanga amatumiza ku gemu, azikhala okonza zowonongeka ndi kulinganiza mphamvu za ngwazi pakafunika kutero.

Ndiye tizitani, anzanga? Njira zimene timakangana nazo kawirikawiri ndi zitatu: kutsalira pomwe pano, kupita ku League of Legends, kapena kupita ku Dota 2. Ndisanaziyale, ndinene kuti funso loti "kodi gemuyi inafa?" limasocheretsa. Gemu ya pa intaneti siifa tsiku limene opanga ake anyamuka. Imafa tsiku limene mwadina batani lofunira osewera nawo, n'kudikira, n'kudikirabe, anthu ena 9 osapezeka. Choncho choyezera chathu chikhale anthu, osati kuchuluka kwa ngwazi zatsopano.

Tiyambe ndi chimene chili m'manja, popeza fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu Heroes timu yonse imakwera level limodzi. Palibe golide, palibe sitolo ya zida, palibe kulimbirana kuti ndani amenye kasilikali koyendetsedwa ndi kompyuta nkhonya yomaliza. Mphamvu zimabwera posankha ma talent pa level 1, 4, 7, 10, 13, 16 ndi 20, ndipo masewera ambiri amatha m'mphindi pafupifupi 20. Mabwalo ndi ambiri, lililonse ndi lamulo lakelake. Pa Cursed Hollow mumathamangira zopereka kuti mutemberere adani, pa Dragon Shire mumalimbirana tiakachisi tiwiri kuti mmodzi wa inu asanduke chimphona chachinjoka, pomwe pa Towers of Doom mtima wa mudzi wa adani, umene mumapambana mukaugwetsa, simungaukhudze n'komwe ndi manja anu, mumauwombera kudzera m'maguwa. Onjezanipo ngwazi zimene sizingakwane m'gemu ina iliyonse: Abathur amene amakhala kumbuyo n'kumavala chipewa pamutu pa anzake, Cho'gall amene ndi thupi limodzi loyendetsedwa ndi anthu awiri, The Lost Vikings amene ndi matupi atatu oyendetsedwa ndi munthu mmodzi. Wosamuka aliyense adziwiretu kuti izi akuzisiya pano. Kumene akupitako kulibe.

Tsono kuchepa kwa opanga kumatanthauza chiyani kwa wotsalira? Mbali ina si yoipa ayi, ndipo anthu sakonda kuivomereza. Gemu ikasiya kusinthasintha, chimene munaphunzira chaka chatha chimagwirabe ntchito lero. Mutha kusowa miyezi 6, n'kubwera, n'kupeza ngwazi Muradin akudumpha monga kale. Kwa munthu wa ntchito kapena wa ana, amene amapeza ola limodzi madzulo, ichi n'chamtengo wapatali. Mbali inayo ndiyo yowawa. Ngwazi ikakhala yamphamvu mopitirira muyeso imatha kukhala choncho nthawi yaitali, chifukwa ma patch amatalikirana. Koma chachikulu ndi makina olunzanitsa osewera. Makina amenewa amayesetsa kukupezerani anthu a msinkhu wanu pa luso, ndipo akadikira osawapeza amamasula lamba pang'onopang'ono. Osewera akachepa, lambayo amamasuka msanga. Zotsatira zake, wongoyamba kumene amaikidwa m'bwalo limodzi ndi munthu amene wakhala akusewera kuyambira 2015, n'kupunthidwa, n'kuchoka osabweranso. Akachoka, osewera amachepanso, lamba amamasukanso. Umu ndi mmene gemu imaumira, osati chifukwa chosowa zovala zatsopano za ngwazi.

Vutoli silikhudza onse mofanana. Osewera Quick Match ndi ARAM, masewera ongosangalala opanda makwerero, nthawi imene anthu ambiri a pa seva yawo ali maso amalimva pang'ono. Amene amalimva kwambiri ndi a pamwamba pa Storm League, makwerero a ranked oyezera luso, ndi osewera pakati pa usiku. Ndipo amene ali ndi gulu lawolawo la anthu 5 amakhala ngati sakuliona n'komwe. N'chifukwa chake mipikisano yoyendetsedwa ndi osewera eni ake, monga Heroes Lounge ku Europe ndi Nexus Gaming Series ku North America, inasanduka msana wa gemuyi mipikisano ya kampani itatha. Kumeneko simudikira makina, mumapangana tsiku ndi ola.

Nanga mawa? Mbiri ya magemu ena ikuonetsa kuti njira zake n'zambiri. Guild Wars inatuluka mu 2005, ndipo mu 2013 ArenaNet, kampani yoipanga, inaika zochitika zake zambiri m'manja mwa makina kuti ziziyenda zokha. Maseva anapitirira kuyaka zaka zonse zotsatira. Team Fortress 2 inalandira update yaikulu ya Jungle Inferno mu Okutobala 2017, kenako zinthu zinazirala, ma bot achinyengo n'kudzaza maseva mpaka osewera anachita kukuwa ndi #SaveTF2 mu 2022. Phunziro lake n'lakuti gemu yosiyidwa ndi anthu ochepa imavutika ndi akuba ndi owononga isanavutike ndi kusowa zatsopano. Kwinaku Epic Games inatseka Paragon mu Epulo 2018 n'kubweza ndalama kwa ogula, ndipo Heroes of Newerth, imene kale inkapikisana ndi League, inazimitsidwa mu Juni 2022. City of Heroes inatsekedwa mu Novembala 2012, osewera n'kuidzutsa pa maseva awoawo, mpaka mu Januwale 2024 NCSoft, mwini gemuyo, inapereka chilolezo ku gulu la osewera la Homecoming. Taonani kutalika kwa nthawi imeneyo: zaka zoposa 11. Ine ndimaona Heroes ikufanana kwambiri ndi Guild Wars kusiyana ndi Paragon, chifukwa imakhala pa Battle.net, nsanja ya pa intaneti ya Blizzard, imene imayaka kale chifukwa cha magemu ena, koma awa ndi maganizo anga chabe. Chosakayikitsa n'chakuti gemuyi siiseweredwa popanda maseva a mwini wake, ndipo zonse zimene munagula m'sitolo si katundu wanu, ndi chilolezo chogwiritsa ntchito. Maseva akazima, zonse zimazimira limodzi.

Tsopano League of Legends, kumene ambiri amayamba kuloza. Riot Games inaitulutsa mu 2009, ndipo nkhani ya kusowa anthu kumeneko kulibe: mumadina, posakhalitsa mwalowa, ndipo makina ali ndi anthu okwanira kuti akupezereni a msinkhu wanu. Ngwazi zimaposa 160, ma patch amabwera pafupifupi milungu iwiri iliyonse. Ngati chimene chinkakupwetekani n'chakuti palibe chosintha, apa mupeza mankhwala. Koma walira mvula walira matope. Zida zimene munazolowera zimasinthidwa, ngwazi yanu imafooketsedwa, ndipo mukasowa miyezi 6 ija mumabwera ngati mlendo.

Chimene chimadabwitsa wochokera ku Heroes si kuchuluka kwa ngwazi, koma kudzikonda kumene malamulo ake amaphunzitsa. Golide ndi wa munthu payekha. Mukaphonya nkhonya yomaliza pa kasilikali, golide wapita, ndipo mnzanu akakuphera tiasilikali tanu amakhala ngati wakulandani chakudya kukamwa. Mphindi zoyambirira mumazithera mu msewu wanu, maso pa tiasilikali, pomwe ku Heroes nthawi imeneyo timu yonse imakhala itakumana kale pa chinthu cholimbirana. Bwalo lalikulu ndi limodzi, Summoner's Rift, ndipo masewera amatenga pafupifupi theka la ola. Munthu mmodzi akanenepa ndi golide amatha kusenza timu yonse, chinthu chimene ena ankachilakalaka ku Heroes komwe luso la mmodzi limasungunuka m'gulu. Koma mdani akanenepa chimodzimodzi, mumangoona anzanu akuitanitsa voti yogonja mphindi 15 zikangokwana. Ku Heroes voti yotereyi kulibe, ndipo nkhondo imodzi ya pa level 20 imatha kutembenuza zonse. China choti mudziwe musanaike gemuyi pa kompyuta: kuyambira 2024 League imafuna pulogalamu yolimbana ndi achinyengo yotchedwa Vanguard, imene pa Windows imalowa mkatikati mwa kompyuta, ndipo kubwera kwake kunatsekera kunja osewera a pa Linux. Ngwazi nazo mumazitsegula imodziimodzi, ndiye amene anali ndi zonse 90 ayambirenso pansi.

Dota 2 imathetsa vuto lomalizali tsiku loyamba lomwe. Ngwazi zonse, zoposa 120, ndi zaulere, ndipo ndalama zimangogula maonekedwe. Pa chilungamo cha mtundu umenewu Valve, kampani yopanga Dota 2, ilibe mnzake mwa atatuwa. Imaseweredwanso pa Linux. Komatu phiri lake ndi lalitali kuposa onse. Kuwonjezera pa nkhonya yomaliza, mumatha kupha tiasilikali tanu tomwe kuti mdani asapeze golide. Mukafa mumataya golide wina. Pali kanyama konyamula zida kuchokera kusitolo, pali kugula moyo kuti mudzuke msanga, pali usana ndi usiku zimene zimasintha kutalika kwa pamene maso amafika, pali mitengo yodulika ndi zitunda zobisa adani. Masewera a mphindi 40 si achilendo, ndipo kukhala mphindi 40 m'gemu imene munaluza pa mphindi 12 kumafuna mtima wa mwala. Turbo, mtundu wa masewera othamanga a Dota, imafupikitsa zinthu ndipo ndi khomo labwino lolowera. Ma patch akuluakulu amabwera patalipatali koma akabwera amagwedeza nthaka: 7.33 ya mu Epulo 2023 inakulitsa bwalo ndi 40 peresenti. Chodabwitsa n'chakuti pa misala ya ngwazi, Dota ndi imene ili pafupi ndi Heroes. Wokonda The Lost Vikings akaona Meepo, ngwazi ya Dota ya matupi angapo, amwetulira.

Pali bodza limodzi limene osamuka amadzinamiza nalo, loti kumene akupita opanga sadzachepa. Mu Januwale 2024 Riot inachotsa ntchito anthu 530 ndipo inachepetsa gulu lopanga gemu yake ina, Legends of Runeterra. Valve inasiya kupanga gemu yake ya Artifact mu Malichi 2021, inathetsa mipikisano ya Dota Pro Circuit mu 2023, ndipo mphoto ya mpikisano waukulu wa Dota wotchedwa The International, imene inapitirira madola 40 miliyoni mu 2021, inatsika kufika pa madola 3 miliyoni ndi kanthu mu 2023. Sindikunena kuti League kapena Dota zili pafupi kugwa, zili kutali kwambiri ndi zimenezo. Ndikungoti chimene chinachitika mu 2018 si matenda a kampani imodzi. Gemu ikasiya kubweretsa phindu lofanana ndi la inzake ya m'nyumba yomweyo, anthu amasamutsidwa.

Tikaziika pamodzi, kusiyana kwake kuli motere. Pa nthawi, Heroes ndi yopepuka, League ili pakati, Dota ndi yolemera. Pa kupeza anthu a msinkhu wanu ola lililonse, League ndi Dota zili patsogolo kutalitali. Pa ndalama, Dota siikupemphani kanthu, League imakupemphani nthawi kapena ndalama, pomwe Heroes ndi malo amene ine sindingaikeponso ndalama zambiri. Golide wa pa akaunti ya Heroes amene mumapeza mukamaliza masewera amagula ngwazi, ndipo pamenepo mpokwanira. Pa kuphunzira, wochokera ku Heroes amanyamula luso la kuima pabwino pankhondo ya timu ndi kuwerenga mapu, koma nkhani ya golide ndi zida amaiyamba ngati mwana wa sukulu, ndipo masabata oyambirira amanyozedwa ndithu m'macheza a m'gemu. Zimitsani machezawo, simutaya kanthu.

Maganizo anga ndi awa. Ngati muli ndi anzanu atatu kapena anayi amene mumasewera nawo nthawi zonse, tsalani. Chimene mumakonda chilipobe, ndipo kuchepa kwa opanga sikukukhudzani kwenikweni. Kusamutsa gulu lonse n'kovuta kuposa mmene anthu amaganizira: mmodzi amakonda League, wina Dota, wachitatu amatopa ndi zida n'kusiyiratu, gulu n'kubalalika. Ngati mumasewera nokha ndipo chimakukokani ndi kukwera makwerero a ranked, pitani ku League osacheuka, chifukwa makwerero opanda anthu okwanira sayeza luso la munthu. Dota ndi ya amene ali ndi maola ambiri ndipo amasangalala ndi kuphunzira kwenikweniko, osati kupambana kokha. Amene ndimawamvera chisoni ndi oyesa kugwira zonse zitatu nthawi imodzi, poti mapanga awiri avumbwitsa, nanji atatu: zala zimasokoneza mabatani, ndipo mu League mumapezeka mukudina Z kufuna kukwera hatchi ya ku Heroes imene kulibe.

Kwa amene simunatsimikize, yesani izi kwa milungu iwiri. Nthawi iliyonse mukadina batani, lembani ola, mphindi zimene mwadikira, ndiponso ngati masewerawo anali a anthu ofanana mphamvu kapena mbali imodzi inangopondereza inzake. Chitani zimenezi pa maola amene inuyo mumasewera, osati amene ena amati ndi abwino. Kenako sewerani masewera 20 a ARAM ku League ndi 20 a Turbo ku Dota, n'kulembanso chimodzimodzi. Akaunti yanu ya Heroes musaifufute. Siilipiritsa lendi, ndipo Abathur adzakhala akudikirabe kuseri kwa linga.