Hilux, Triton, Ranger kapena Land Cruiser 79: iti ikwere nanu m'nkhalango za m'mapiri?

Msewu wa m'nkhalango ya m'phiri umasintha kangapo pa ola limodzi. Mumayamba pa phula, phulalo limatha, mwalowa pa miyala yophwanyaphwanya. Pa kona ina pamene mitengo ya paini yatseka dzuwa, dothi lidakali lonyowa ngakhale mvula inaleka sabata yatha, ndipo mukangodutsa pamenepo mwafika pa thanthwe louma gwa. Malole onyamula zipika asiya ngalande ziwiri zakuya, mtumbira uli pakati. Mbali iyi khoma la phiri, mbali inayo phompho. Ndiye anzanga, poyerekeza mapikapu anayiwa ine ndikuyambira pa kusinthasintha kumeneku, chifukwa ndi pamene amasiyanadi. Za mphamvu ya injini zimene timakonda kukanganirana zibwera kumapeto.

Toyota Hilux ya m'badwo umene unatuluka mu 2015 imayenda ndi matayala akumbuyo okha mpaka inu mutapotokola kabatani kupita pa H4. Mukatero, shafti yakutsogolo ndi yakumbuyo zimamangidwa pamodzi n'kumazungulira liwiro limodzi. Pamatope ndi pamchenga palibe vuto. Koma pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, ndipo ngati pansi pali pouma moti tayala silingathe kuseserekako pang'ono, kusiyana kuja kumathera m'zitsulo. Chiwongolero chimauma, matayala amalira, galimoto imachita ngati ikudumphadumpha pa kona, ndipo mukazolowera kutero mudzakumana ndi makaniko posachedwa. Choncho pa msewu wathu uja dzanja lanu silipuma: H4 pamatope, H2 (matayala akumbuyo okha) pa thanthwe, H4 kachiwiri. Galimoto imalola kusintha ikuyenda, inde, koma malo oterera ambiri mumawazindikira kumbuyo kwayamba kale kupita kwina.

Mitsubishi Triton, imene kwina amaitcha L200, inathetsa mutu umenewu kalekale pa mitundu yokhala ndi Super Select II. Pakati pa mashafti awiriwo anaikapo difu yachitatu, yomwe imalola kutsogolo ndi kumbuyo kusiyana liwiro kwinaku matayala onse anayi akukoka. Mumaika pa 4H m'munsi mwa phiri n'kuiwalako, kaya ndi phula lonyowa, kaya miyala, kaya thanthwe. Pakafika poipa ndi pamene mumatseka difu ija pa 4HLc, kapena kuima n'kulowa 4LLc, imene ndi low range, magiya okwawira pang'onopang'ono mwamphamvu. Anthu ambiri amaiderera Triton chifukwa injini yake ndi ya malita 2.4 okha ndipo dzina lake silimveka kwambiri pa macheza, koma pa msewu wa mtundu uwu ine ndimaiika patsogolo. Dziwani kuti mitundu yotsika ya Triton ili ndi Easy Select, yomwe imagwira ntchito ngati ya Hilux, ndiye musagule chifukwa cha dzina lokha. Yang'anani zimene zalembedwa pa kabataniko.

Ford Ranger ya 2022 ili pakatikati. Ya V6 ya malita 3.0 ili ndi 4A, pamene kompyuta imatumiza mphamvu kutsogolo ikaona kuti pakufunika, ndipo mungayende nayo pa phula osaopa kanthu. Mitundu yambiri ya malita 2.0 ilibe zimenezi, imafuna dzanja lanu monga Hilux.

Tsopano makona. Amene anajambula misewu ya m'mapiri ankafuna kukwera mtunda waukulu pa malo ochepa, ndiye anaipinda mobwerera. Apa chimene chikugwira ntchito ndi kutalika kwa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Triton ya 2015 ili ndi 3,000 mm ndipo imatembenuka pa malo a mamita 11.8. Hilux ili ndi 3,085 mm, Ranger ya 2022 3,270 mm, ndiponso Ranger ndi yotakata kuposa anzakewo, zimene mumazimva nthambi zikayamba kukanda m'mbali pa njira yothina. Land Cruiser 79 ndiye nkhani ina: imafuna mamita 14.4 kuti izungulire. Pa kona imene Triton imapita kamodzi, 79 imaima, kubwerera m'mbuyo, kuwongola, n'kuyesanso. Tangoganizani mukubwerera m'mbuyo pa chitunda, phazi limodzi pa klachi, lina pa buleki, tayala lakumbuyo likuyandikira m'mphepete mwa phompho pamene simukuona bwino. Amene anachitapo zimenezi usiku kapena mu nkhungu safuna kuchitanso. Triton ya 2023 inatalikitsidwa kufika pa 3,130 mm, ndiye ubwino wakale uja unachepa pang'ono.

Komabe musaiweruze 79 ndi makona okha. Mtundu wa Land Cruiser 70, umene 79 ili m'gulu lake, unayamba mu 1984 ndipo mpaka lero akiselo yake yakutsogolo ndi chitsulo chimodzi chochoka tayala ili kufika linalo, pamene enawo tayala lililonse lakutsogolo limayenda palokha. Pa msewu wabwino zimenezi zimakugwedezani mpaka msana kuwawa. Pa msewu umene madzi anaudula mopingasa, tayala limodzi likakwera mwala, akiselo imakankhira linalo pansi, ndipo difu imakwera limodzi ndi matayala m'malo mogunda mtumbira. Mitundu yambiri ya 79 ili ndi diff lock kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ili ndi khalidwe limodzi lodabwitsa: kuchokera pamene anaikamo V8 mu 2007, matayala akutsogolo ndi otalikirana kuposa akumbuyo ndi pafupifupi 95 mm, moti m'ngalande za malole akumbuyo saponda pamene paponda akutsogolo, ndipo kumbuyo kumavinavina.

Nkhani ya diff lock ndi yofunika kuikhalira pansi, popeza ndi pamene ambiri amatitimira ali ndi 4x4 yabwinobwino. Difu wamba imapereka mphamvu ku tayala losavuta kuzungulira. Galimoto ikapendekeka pa dzenje moti tayala lakutsogolo kumanzere ndi lakumbuyo kumanja zalendewera, awiri amenewo amangozungulira m'mwamba, awiri oponda pansi ali du. Njira zothetsera ndi ziwiri. Ina ndi diff lock, yomanga matayala awiri akumbuyo kuti azizungulira limodzi. Ina ndi traction control, pamene kompyuta imagwira buleki pa tayala lozungulira pachabe kuti mphamvu ipite ku linzake. Mumamva kulira kwa tha tha tha pansi, ndipo chinsinsi chake ndi kusachotsa phazi pamoto mpaka itagwira. Pa Hilux ya m'badwo wa 2015, diff lock imalowa mu L4 (low range) mokha, ndipo mukaitseka traction control imazima, kutanthauza kuti kutsogolo kwatsala kopanda wothandiza. N'chifukwa chake nthawi zina Hilux imakwera bwino diff lock isanatsekedwe, pakuti traction control yake ndi yachangu kwambiri. Ranger imasiya yakutsogolo ikugwirabe ntchito ngakhale mwatseka kumbuyo, ndipo pa chitunda chokumbikakumbika apa Ranger yawina. Chenjezo limodzi kwa onse: pa njira yopendekeka yamatope, diff lock imatha kuseseretsa kumbuyo konse kupita kumunsi, chifukwa matayala onse awiri akazungulira limodzi palibe lotsala logwira pansi. Itsekeni musanalowe poipa, itseguleni mukangotuluka.

Kutsika kumapweteka anthu ambiri kuposa kukwera. Mtsetse wa makilomita angapo mukuponda buleki njira yonse umatenthetsa mapadi ndi mafuta a mabuleki mpaka phazi kumangolowa pansi galimoto osaima. Onse anayiwa ali ndi low range yochepetsa liwiro pafupifupi kawiri ndi theka kapena kuposerapo, ndipo ndi imeneyo yotsikira: giya yoyamba kapena yachiwiri, injini izigwira yokha. Apa 79 ya manual ndi Hilux ya manual zimatsika mokhazika mtima pansi. Za automatic zimafuna kuti muikhomere giya nokha, apo ayi ikwera giya pakati pa mtsetse. Ranger V6 ili ndi magiya 10, ndipo mukapanda kuiletsa imakonda kusakasaka. Hill descent control, imene pa Hilux amailemba DAC, imathandiza pa kamtsetse kafupi koterera, koma imagwiritsa ntchito mabuleki omwewo, ndiye si yodalira kuchokera pamwamba mpaka m'munsi. Pokwera zinthu zimatembenuka: automatic imakwawa pa miyala mosadukiza, pamene wa manual akapanda kusamala amayamba kumva fungo la klachi.

Za injini sindichedwapo. Hilux ya 2.8 kuyambira 2020 imatulutsa 150 kW ndi 500 Nm pa automatic, Ranger V6 184 kW ndi 600 Nm, 79 ya V8 151 kW ndi 430 Nm. Mu low range pa liwiro la munthu woyenda pansi, yofooka kwambiri pa zonsezi ili ndi mphamvu zoposa zimene matayala angagwiritse ntchito. Chosiyanitsa chenicheni ndi turbo. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera, chifukwa mpweya umapepuka, moti 79 ya injini yakale ya 4.2 yotchedwa 1HZ, imene ili ndi 96 kW yokha m'munsi, ikafika pa mamita 2,000 imakhala itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Idzafika, koma utsi uli tolotolo.

Powoloka mitsinje, Ford imati Ranger ingalowe m'madzi a 800 mm, Toyota imati Hilux 700 mm. Isuzu D-Max ya 2019, imene sindinaiike pa mpikisanowu chifukwa kachitidwe kake n'kofanana kwambiri ndi Hilux, nayonso ndi 800 mm. Manambalawa ndi a madzi odekha. Mtsinje wa m'phiri mvula itagwa kumtunda umakankha galimoto cham'mbali, ndipo pikapu yopanda katundu ndi yopepuka kumbuyo.

Pali china chimene ambiri saganizira. Madizilo atsopano okhala ndi DPF, sefa yogwira mwaye wa utsi, amawotcha mwaye wa mu ekizozi pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 600, ndipo udzu wa pa mtumbira wapakati umakola pansi pa galimoto. Mu 2017 Ford inauza eni ma Ranger ku Australia kuti awabweze kukakonzedwa pa chifukwa chomwechi. Kaya yanu ndi ya kampani iti, mukadutsa pa udzu wautali wouma imani, gwadani, chotsani zimene zakola. M'nkhalango ya paini moto sumachedwa.

Ndiye musankhe iti? Ngati maulendo anu ndi misewu ya m'nkhalango imene malole amadutsa, yosakanikira phula, miyala ndi matope, Triton ya Super Select II ndi imene imakutopetsani pang'ono, ndipo Ranger V6 ikutsatira ngati njira zanu si zothina kwambiri. Hilux ndi ya munthu amene amapita kutali ndi tauni, chifukwa masipeya ake ndi amakaniko oidziwa amapezeka m'mayiko ambiri, bola azolowere kusewera ndi kabatani kaja. Land Cruiser 79 itengeni ngati mumanyamula katundu wolemera pa njira zimene zinasiya kukonzedwa. Kupita nayo kongoyenda n'kudzizunza.

Iliyonse imene mungatenge, matayala amene imabwera nawo nthawi zambiri ndi a pa phula, ndipo m'dothi lonyowa mizere yake imadzaza n'kukhala see. A all-terrain a khoma lolimba ndi okwanira pa misewu yambiri yotereyi. A mud-terrain amaluma bwino matope koma amachita phokoso ndipo sagwira bwino pa phula lonyowa. Mukachoka pa phula chepetsani mpweya kufika cha m'ma 1.8 bar, ikani katundu pang'ono pamwamba pa akiselo yakumbuyo kuti masipuling'i asamadumphe, ndipo nyamulani pampu yobwezeretsera mpweya musanabwerere pa msewu waukulu.