TT-02, WLtoys, Slash kapena Mini-Z: yoyambira mpikisano ndi iti thumba likakhala lopepuka?

Anzanga amene mukufuna kulowa mpikisano wa magalimoto a rimoti koma ndalama ndi zowerengeka, musayambe ndi kuwerenga liwiro lolembedwa pabokosi. Pitani kaye pabwalo pomwe mudzapikisanirepo mukaone galimoto zimene anthu akuthamangitsa, chifukwa mpikisano umayenda m'makalasi ndipo galimoto yopanda kalasi, kaya ithamange bwanji, mwini wake amangokhala woonerera.

Ambiri amakopeka ndi WLtoys 144001 ndipo m'pomveka. Ndi ya 1/14, kutanthauza kuti galimoto yeniyeni anaichepetsa ka 14, mawilo onse anayi amakoka, pansi pake ndi pachitsulo, imabwera yomangamanga kale ndi rimoti, batire ndi chaja, mwatsegula bokosi basi mwayamba. Amalemba 60 km/h ndipo imathamangadi. Koma risiva, kolandira malamulo a rimoti, ndi ESC, kachipangizo kotumiza mphamvu ku mota kaja, anaziphatikiza pamodzi, ndiye chimodzi chikapsa mumasintha zonse, mukafuna rimoti yabwinoko chimodzimodzi, mapeto ake ndalama zija mumati mwapulumutsa zatha pang'onopang'ono. Komanso makalabu ambiri amathamangitsa 1/10 ndi 1/8. Yoseweretsa ndi anzanu pafumbi ili bho kwabasi, koma yolembetsa nayo mpikisano ayi.

Ine mtima wanga uli pa Tamiya TT-02. Inatuluka mu 2013, ndi ya 1/10, yapatala kapena pakapeti, ndipo imabwera zidutswazidutswa mumange nokha. Rimoti, servo (kamota kokhotetsa mawilo), batire, chaja ndi penti mumagula padera, zimenezo muziwerengeretu. Zofooka ili nazo ndithu. M'mawilo ndi m'magiya anaikamo mabushi m'malo mwa ma bearing, ndiye gulani ma bearing musanayambe kumanga, apo ayi mudzaphwasulanso galimoto yonse kuti muwalowetse. Ma shock a mtundu wotchipawo alibe oyilo, galimoto imadumphadumpha ikaponda kabampu, ndipo chiwongolero chimakhala ndi kadegedege ndithu. Chinanso chimene ambiri sachidziwa, masikuluu a Tamiya ndi a JIS, muyezo wa ku Japan, sikuludiraiva wamba wa Phillips amaoneka ngati walowa koma amaterereka n'kudya mutu wa sikuluu, makamaka pomanga mupulasitiki momwe mumafunika kukanikiza.

Nanga bwanji ndikuitamabe? Chifukwa m'kalasi ya TT-02 aliyense ali ndi zofooka zomwezo. Malamulo amatchula mota, nthawi zambiri matayala ndi magiya omwe, ndiye wolemera sangakuposeni ndi chikwama, akuposeni ndi zala. Komanso poti munaimanga nokha, mkono wa wilo ukathyoka pakati pa ma heat, zigawo za mpikisano zija, simuyamba kufunsa uku ndi uku, mukudziwa kale sikuluu yomasula, ndipo pa tebulo loyandikana nalo pali munthu amene ali ndi sipeya yomweyo m'bokosi mwake. Zimenezi sazilemba pabokosi koma ndi zimene zimakubwezerani pabwalo tsiku lomwelo.

Ngati bwalo lanu ndi ladothi, inzake ya TT-02 ndi Traxxas Slash ya mawilo awiri okoka, ya mu 2008. Imabwera yomanga kale, zamagetsi zake sizilowa madzi, ndipo bodi yake imaphimba matayala moti mukakhudzana ndi mnzanu pakona simukwerana mawilo ngati mmene ma buggy a matayala apamtunda amachitira. Ndi yolimba zedi. Vuto lake ndi kutalika, mukalowa kona ndi ukali imagudubuka, koma chimenecho chimaphunzitsa kumasula chala msanga.

Kyosho Mini-Z yakhalapo kuyambira 1999, kagalimoto kokwana m'dzanja koyendera mabatire anayi a AAA, ndipo kuiyendetsa mwezi ndi mwezi sikudya ndalama ngati zikuluzikuluzi. Kungoti kuchepa kwake si kuchepa kwa mtengo, ndipo imafuna bwalo losalala lam'nyumba, tsitsi limodzi likakulungika pa ekiselo mumamva galimoto ikukokera mbali imodzi. Ngati pali gulu la Mini-Z pafupi lowani, ngati palibe isiyeni.

Ena adzakuuzani kuti bola kugula yakaunjika ya akatswiri, Team Associated kapena Xray yomwe mwini wake wagula yatsopano. N'zoona imagwira msewu kuposa zonsezi, koma kawirikawiri amagulitsa yopanda zamagetsi, ndiye mota yampikisano ndi ESC yake zili pa inu, masipeya a mtundu wakale amasowa, ndipo ili ndi zosintha zambirimbiri zoti woyamba kumene amangozisokoneza. Imeneyo ndi ya chaka chachiwiri.

Pa zonsezi ndalama zenizeni zimapita ku matayala. Kenako transponder, kachipangizo kowerengera maulendo ozungulira bwalo, ambiri amagwiritsa ya MyLaps ndipo funsani kaye ngati kalabu imabwereketsa musanagule yanu. Pa batire la LiPo la 7.4V musaumire chaja, gulani yomwe imalinganiza maselo, tchajani muli pomwepo, ndipo posunga lisiyeni pa 3.8V selo iliyonse, chifukwa batire lotupa limatha kuyaka moto.

Heat imodzi nthawi zambiri ndi mphindi 5 basi. Mukagudubuka kamodzi n'kudikira woimirira pakona athamange adzakutembenuzeni, masekondi mwataya pamenepo mota yodula singawabweze. N'chifukwa chake ine ndingatenge TT-02 ya ma bearing ndi servo yachangu ngati bwalo ndi latala, Slash ngati ndi ladothi, mota ndisiye yomwe inabwera nayo, zotsala zonse ndisungire matayala ndi ndalama yolembetsera.