Njinga yopalasira m'nyumba ya achimwene: lamba wadukanso

Lamba wa njinga ija wadukanso, ndipo mtengo umene anditchulira kushopu ndi umene wandichititsa kuti ndilembenso.

Kwa amene simunaone zomwe ndinalemba titangoigula, achimwene anga ali ndi spinocerebellar ataxia, matenda akumtundu amene anatenganso bambo athu. Amawononga pang'onopang'ono mbali ya ubongo ya kunkhongo, yomwe imawongolera kayendedwe ka thupi. Munthu amadzandira, dzanja limaphonya kapu, mawu amatuluka molemera, ndipo osadziwa amati waledzera. Mankhwala ochiza kulibe. A mafizo anatiuza kuti chothandiza ndi kulimbitsa thupi mosadukiza, chifukwa munthu akasiya, phindu lake silichedwa kutha.

N'chifukwa chake tinawagulira njinga yopalasira m'nyumbayi. Chishalo chake chili ndi chotsamira, choncho sagwera kumbali. Pakati pa njingayi ndi potsika, sakweza mwendo pokhala. Siifuna magetsi, ndiye akazima sitidandaula. Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti patapita miyezi ingapo anayamba kudzuka okha pampando, osati mochita kuwakoka.

Vuto ndi lamba wa m'kati. Mwendo wa munthu wa ataxia supalasa mofanana. Amaponda mwamphamvu, phazi n'kuthawa, kenako n'kugunda pedulo mobwerera. Lamba amayamba kulira kwii-kwii, pansi pamagwa tifumbi takuda ta labala, kenako mapedulo amangozungulira opanda mphamvu. Njinga ikaima, achimwene amabwerera m'mbuyo ndikuona. Ulendo watha inakhala masabata osayenda, ndipo anayambanso kugwira khoma popita kubafa. Anasiya ngakhale zoyeserera zina zimene a mafizo anawapatsa, zoimirira atagwira tebulo ndi zoponda pa mizere ya choko, chifukwa mtima unali utagwa. Zimenezi zinandiwawa kuposa ndalama.

Tsiku logula ndinafotokoza matendawa bwinobwino. Mwini shopu anati, "Mayi, musadandaule, iyi ndi yolimba." Lamba woyamba ataduka, mawu anasintha: akuti galanti siikhudza lamba, komanso tikuigwiritsa ntchito molakwika. Molakwika bwanji, poti ndinawauza yemwe adzapalase? Foni amayankha akafuna. Lamba amati ayitanitse ku Johannesburg, transipoti ndilipire ine, ndipo ulendo uno mtengo wakwera pafupifupi kawiri, akuti kwacha yagwa. Wokonza njinga wa kumsika anayesa kumanga lamba wa galimoto, koma lambayo anali wonenepa, sanalowe.

Masiku amene ikuyenda ndimaiyamikira, ndipo sindinong'oneza bondo pa K700,000 imene tinasonkha pachibale. Lero mtima wanga suli pamenepo. Ngati mukugulira munthu wa matenda amenewa, gulani yokhala ndi chotsamira, koma wogulitsa akupatseni lamba wapadera tsiku lomwelo, alembenso pa lisiti kuti galanti ikukhudza lamba. Akakana, tulukani ndi ndalama zanu. Ine lamba uyu ndilipira chifukwa achimwene sangadikire, koma shopu imeneyo sindidzatumizako munthu.